Chiletso cha Khoti Si Mapeto a Mlandu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu yophunzitsa za malamulo. Lero tikamba za pepala limene limavinitsa ena nthawi isanakwane, ndi kuliritsa ena pachabe. Munthu amatuluka m'khoti pepala lili m'manja, n'kuimbira foni abale kuti wapambana mlandu, pamene mboni ngakhale imodzi sinaime. Mnzake amalandira pepala lomwelo, n'kugwa mphwayi, kuganiza kuti zonse zatha. Kuti atimasulire nkhaniyi, tili ndi aphunzitsi a za malamulo. Takulandirani, aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo kwambiri, mayi. Moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Tiyambire pa mawu amene. M'nyuzipepala ndi pa nkhani za pawailesi timamva mawu awiri a Chingerezi omveka ngati pachibale: interlocutor ndi interlocutory. Ena timangowadumpha powerenga. Akutanthauzanji?

MPHUNZITSI: N'zoona, ndi apachibale. Onse anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza kulankhula pakati. Oyambawo amanena za munthu: amene ukukambirana naye, mnzako wa pa zokambirana. Panopa inu mayi ndinu wokambirana nane, ine ndine wokambirana nanu. Achiwiriwo amanena za zimene woweruza amalamula mlandu uli mkati. Mlandu wayamba, sunathe, koma pabuka chinthu chimene sichingadikire. Woweruza amalankhulapo pakati pa ulendo. Ifeyo tinganene kuti chigamulo chapakati, kapena lamulo logwirizira. Chodziwika kwambiri mwa zigamulo zoterezi ndi chija ambiri amachitcha injunction, chimene m'chinenero chathu timati chiletso.

WOULUTSA: Ndiye kuti chiletso ndi mtundu umodzi chabe?

MPHUNZITSI: Ndi umodzi mwa ingapo. Belo imene munthu amapatsidwa kuti azichokera kunyumba poyembekezera mlandu wake ili m'gulu lomweli. Lamulo loti bambo azipereka ndalama zosamalira ana pamene mlandu wa ukwati ukupitirira lili momwemo. Lamulo loimitsa kaye kulanda katundu pamene munthu wachita apilo nalonso ndi lapakati. Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: sizinena kuti wolakwa ndani, wolungama ndani. Zimangosunga zinthu kuti tsiku loweruza likadzafika, padzakhale kanthu koti kaweruzidwe.

Akumudzi amazidziwa bwino izi. Anthu awiri akakanganirana mbuzi, amfumu amati mbuziyo imangidwe pakhomo pawo kufikira bwalo litakhala. Sananene kuti mbuzi ndi ya uje. Angoletsa kuti wina asaiphe usiku, bwalo n'kudzakhala pa chikopa.

WOULUTSA: Tisanalowe m'khoti, tatiuzani za munthu wokambirana nayeyu. Zikukhudzana bwanji ndi milandu?

MPHUNZITSI: Zikukhudzana kwambiri, chifukwa pa mlandu pamakhala anthu ambiri olankhula, ndipo munthu akasokoneza udindo wawo amadzipweteka yekha. Tiyeni tiwasiyanitse.

Woyamba ndi amene mukutsutsana naye. Ameneyo ndiye mwini nkhani mnzanu, ndipo ngati padzakhale kugwirizana kulikonse, kudzachokera kwa inu awiri.

Wachiwiri ndi wokulankhulirani, ndiye loya wanu. Loya wa mbali inayo ndi wolankhulira mnzanuyo. Angakupatseni moni mwaulemu pakhonde la khoti, angakufotokozereni pepala mokoma, koma ntchito yake ndi kuteteza amene anamutuma. Musasainire pepala lililonse chifukwa choti loya wa mbali ina wanena kuti n'labwino.

Wachitatu ndi womasulira. M'makhoti akuluakulu a Zambia chinenero cha ntchito ndi Chingerezi, ndipo malamulo aakulu a dziko amapatsa munthu woimbidwa mlandu waupandu ufulu wokhala ndi womasulira kwaulere ngati sakumva chinenero chimene chikugwiritsidwa ntchito. Womasulira amangowolotsa mawu. Sawonjezera, sachotsera, ndipo sapereka uphungu.

Wachinayi ndi mkhalapakati. Ameneyu saweruza. Amathandiza anthu awiri kuti amvane, monga amachitira ankhoswe banja likagwedezeka. Wachisanu ndiye woweruza, amene mawu ake amamanga onse.

WOULUTSA: Kodi m'mbiri ya mzinda wathu uno wa Lusaka muli chitsanzo cha anthu otsutsana amene anakhala pansi n'kukambirana, zinthu n'kuyenda?

MPHUNZITSI: Chilipo chachikulu. Mu Julaye 1991, dziko likukonzekera kubwerera ku ndale za zipani zambiri, panali kusamvana kwakukulu pa za malamulo atsopano oyendetsera dziko. Atsogoleri a mipingo anaitana Pulezidenti Kenneth Kaunda wa UNIP ndi Frederick Chiluba wa MMD kuti akumane ku Cathedral of the Holy Cross, kuno ku Lusaka, pafupi ndi makhoti athu akuluakulu. Awiriwo anali okambirana, a mipingo anali amkhalapakati. Zokambiranazo zinatsegula njira, ndipo chisankho chinachitika mwamtendere pa 31 Okutobala chaka chomwecho. Mu 2017 namonso, mlembi wamkulu wa Commonwealth, Patricia Scotland, anabwera kudzalankhula ndi Pulezidenti Edgar Lungu komanso ndi Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali m'ndende. A Hichilema anatulutsidwa pa 16 Ogasiti 2017. Pa nthawi ziwiri zonsezi, munthu anavomera kulankhula ndi amene sankagwirizana naye. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za zigamulo zimene khoti limapereka mlandu usanathe. Aphunzitsi, tipatseni chitsanzo cha pakhomo, choti aliyense achione ndi maso.

MPHUNZITSI: Tiyerekeze chonchi. Ku Kabwata kuli mayi wamasiye. Nyumba imene akukhalamo ndi imodzi mwa nyumba zakale za khonsolo zimene zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996. Mwamuna wake wamwalira osasiya wilu. Maliro atangotha, mchimwene wa malemu watenga mapepala a nyumba, ndipo mayiyo wamva kuti wogula wapezeka kale, ndalama zisinthana manja Lachisanu.

Lamulo la za chuma cha masiye la 1989, Intestate Succession Act, limanena momveka kuti pa chuma cha munthu womwalira wopanda wilu, magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo, ndipo 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Pa za nyumba, limaipereka kwa wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Koma kuti khoti limve mboni zonse, lione mapepala, ligamule, pangapite miyezi yambiri. Lachisanu silidikira. Nyumba ikagulitsidwa, wogula n'kugwetsa khoma, n'kuyamba kumanga mafulati, chigamulo chomaliza chidzapeza mayi uja ndi ana ali kale pa lendi kwina.

Apa m'pamene chiletso chimagwira ntchito. Mayiyo amatsegula mlandu, ndipo nthawi yomweyo amapempha khoti kuti liletse kugulitsa nyumbayo kufikira mlandu utatha.

WOULUTSA: Amapempha ndi pakamwa?

MPHUNZITSI: Ayi, amapempha ndi mapepala. Chachikulu ndi chikalata cholumbirira, chija amati afidaviti. M'menemo amalemba mwadongosolo, ndime ndi ndime: ndine yani, malemu anali yani kwa ine, nyumba ili pati, ndamva chiyani, ndamva kwa yani, chidzachitike n'chiyani khoti likapanda kulowererapo. Amaphatikizapo umboni umene ali nawo, monga chikalata cha imfa ndi mapepala a ukwati, n'kulumbira pamaso pa munthu wovomerezeka kulumbiritsa anthu. Nkhani ikakhala yachangu, woweruza angathe kuimva m'chipinda chake, mbali inayo palibe. Kumva mbali imodzi kotereku maloya amakutcha ex parte.

WOULUTSA: Pamenepo m'pamene ambiri amadandaula, aphunzitsi. Amati, khoti lingandiletse bwanji chinthu osandimva?

MPHUNZITSI: Dandaulo limenelo n'lomveka, ndipo malamulo analiganizira. Chifukwa chake chiletso cha mbali imodzi chimakhala cha kanthawi kochepa, ndipo chimabwera ndi zomangira zitatu. Choyamba, wopemphayo ayenera kuulula zonse, ngakhale zimene zikumutsutsa. Akabisa kanthu, woweruza akadzazindikira, angathe kuchotsa chiletsocho pa chifukwa chimenecho chokha. Chachiwiri, wopemphayo amalonjeza khoti kuti zikadzapezeka kuti chiletso sichinayenere kuperekedwa, adzalipira zimene mnzakeyo wataya. Chachitatu, khoti limaika tsiku loti mbali zonse ziwiri zibwere zidzamvedwe, kumene maloya amati inter partes.

Ndiye pepala likakupezani, musalipinde n'kuliika pansi pa matiresi. Likhazikeni patebulo, muliwerenge ndi munthu wodziwa Chingerezi. Pamwamba pali dzina la khoti. Pambali pake pali nambala ya mlandu. Ya ku High Court ya kuno ku Lusaka imayamba ndi chaka, kenaka zilembo monga HP, kenaka nambala. Pansi pake pali maina a odandaula ndi odandaulidwa. Pakati m'pamene pali mawu enieni a zimene mwaletsedwa: kugulitsa, kumanga, kutulutsa munthu m'nyumba. Muone bwino malire ake, chifukwa mwaletsedwa zokhazo zimene zalembedwa. Kenaka funani tsiku ndi ola lobwerera kukhoti. Kumapeto kuli saini ya woweruza ndi chidindo. Pa zonsezi, tsiku lija ndilo chuma chanu. Ndilo khomo limene khoti lakusiyirani kuti mudzanene mbali yanu.

WOULUTSA: Nanga woweruza amayang'ana chiyani kuti apereke kapena akane chiletso? Kapena zimangotengera mtima wake tsikulo?

MPHUNZITSI: Pali mfundo zokhazikika, ndipo zina zinachokera m'milandu ya konkuno. Mu 1975, Supreme Court ya Zambia inagamula mlandu wa Shell and BP Zambia Limited ndi Conidaris. Khotilo linaphunzitsa kuti chiletso sichiperekedwa wamba. Ufulu wa wopemphayo uyenera kuoneka bwino, ndipo payenera kukhala chiopsezo cha kuwonongeka kumene ndalama sizingakonze. Kungovutika pang'ono kapena kusowa mtendere sikukwanira. Chaka chomwecho ku Britain, mlandu wa American Cyanamid ndi Ethicon unayala mafunso amene makhoti a maiko ambiri a Commonwealth amatsata mpaka lero.

Mafunsowo tingawanene motere. Kodi pali nkhani yeniyeni yofunika kuweruzidwa, kapena munthuyu akungotaya nthawi ya khoti? Kodi akadzapambana pamapeto, ndalama zingadzabwezere zimene wataya? Ngati zingabwezere, chiletso sichifunika. Ndipo ngati pali kukayika, ndani angapwetekeke kwambiri: wopempha akakanizidwa, kapena mnzakeyo akaletsedwa?

Tibwerere kwa mayi wa ku Kabwata. Nyumba imene ana anabadwiramo ikapita, ndalama sizingaibweze momwe inalili. Koma mlamu wake akadikira miyezi ingapo osagulitsa, nyumba ikhalapobe. Sikelo ikupendekera kwa mayiyo. Tsono tisinthe chitsanzo. Ku Woodlands munthu wagulitsa galimoto pa ngongole, wogula sakumaliza kulipira. Pamenepo chimene chatayika ndi ndalama, ndipo ndalama zimabwezedwa ndi ndalama. Khoti lingamuuze kuti apitirize mlandu wake wofuna ngongoleyo popanda chiletso.

WOULUTSA: Ndiye kukanizidwa chiletso sikutanthauza kuti mlandu wako ndi wofooka.

MPHUNZITSI: Mwagwira mfundo, mayi. Munthu angakanizidwe chiletso n'kudzapambana mlandu. Wina angapatsidwe chiletso n'kudzagonja. Mu 1984, pa mlandu wa Turnkey Properties ndi Lusaka West Development Company, Supreme Court inanena zinthu ziwiri zofunika kuzikumbukira. Inati chiletso chapakati ntchito yake ndi kusunga zinthu momwe zilili poyembekezera mlandu, ndipo munthu asachigwiritse ntchito podzipangira mwayi watsopano wokomera iye yekha. Inatinso woweruza amene akumva pempho lotere asalankhule mawu ogamuliratu nkhani yaikulu. Choncho ngati woweruza mwini akudziletsa kunena wopambana, inu musathamangire kupha nkhuku ya chikondwerero.

Taganizirani za puloti ya ku Chelstone imene anthu awiri aliyense ali ndi pepala lake. Mmodzi wapeza chiletso choti mnzake asamange. Ndiye iyeyo usiku womwewo akubweretsa mchenga, miyala ndi mabuloko, kuti pofika tsiku la mlandu nyumba ikhale pa windo. Kumeneko ndiko kudzipangira mwayi kumene khoti linakana, ndipo woweruza akamva, chiletso chija chingachotsedwe.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tikupitiriza, omvera. Aphunzitsi, pali milandu ikuluikulu imene tonse tinaimva pa nkhani. Ingatithandize kumvetsa?

MPHUNZITSI: Ingatithandize, ndipo nditchula itatu, iliyonse ndi phunziro lake. Sitikuweruza mbali iliyonse; tikungoona mmene lamulo limayendera.

Woyamba ndi wa maliro a mtsogoleri wakale wa dziko lino, malemu Edgar Lungu, amene anamwalira pa 5 Juni 2025 ku Pretoria, m'dziko la South Africa. Banja ndi boma sanamvane za mwambo wa maliro. Pa 25 Juni, tsiku limene banja linakonza zoika maliro ku Johannesburg, nkhani inafika ku High Court ya ku Pretoria, boma la Zambia litadandaula kudzera mwa Attorney General, a Mulilo Kabesha, ndipo kuika maliro kunaimitsidwa. Tsiku limenelo khoti silinanene kumene malemu adzagone. Linangoti zidikire, pakuti munthu akaikidwa m'manda, kubweza n'kovuta. Mlandu weniweni unamvedwa pa 4 Ogasiti, chigamulo chinaperekedwa pa 8 Ogasiti chokomera boma, ndipo banja linatengera nkhaniyo ku apilo. Onani masitepe atatuwo: kuimitsa kaye, kugamula, kenaka apilo. Ndi zinthu zitatu zosiyana.

Wachiwiri ndi wa migodi ya Konkola Copper Mines ya ku Chingola ndi Chililabombwe. Mu Meyi 2019, kampani ya ZCCM-IH inapita ku High Court kuno ku Lusaka kukapempha kuti kampani ya migodiyo ithetsedwe, ndipo khoti, litamva mbali imodzi, linaika a Milingo Lungu kuti agwirizire kuyendetsa kampaniyo. Linali lamulo logwirizira, koma mkangano ndi kampani ya Vedanta, imene inkayendetsa migodiyo, unatenga zaka zisanu, kufikira mu 2024 pamene Vedanta inabwereranso pa migodiyo, mbali ziwirizo zitakambirana n'kugwirizana. Phunziro lake ndi lakuti chinthu chakanthawi chingathe kukhalitsa, n'kukhudza anthu zikwizikwi: ogwira ntchito, mabanja awo, ndi amalonda amene ankadalira mgodiwo. Ndipo chimene chinatseka nkhani ndi kukambirana.

Wachitatu ndi wa kwa anansi athu ku Malawi. Mu Epulo 2020, boma la kumeneko litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha mliri wa Covid-19, jaji Kenyatta Nyirenda wa High Court ku Lilongwe anapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo, gulu la Human Rights Defenders Coalition litadandaula kuti anthu osauka sanakonzeredwe chodya.

WOULUTSA: Kodi kuno kwathu munthu angatenge chiletso chotere choletsa boma?

MPHUNZITSI: Apa pali kusiyana kofunika kukudziwa. Lamulo lathu la State Proceedings Act, mu gawo 16, limati pa milandu wamba yosumira boma, khoti silipereka chiletso chomanga boma. M'malo mwake lingathe kulengeza ufulu wa mbali iliyonse. Pali njira ina yopempha High Court kuti iunike ngati ofesi ya boma yatsata malamulo popanga chiganizo, ndipo pa njira imeneyo woweruza angalamule kuti chiganizocho chiime kaye. Njirazi zili ndi malamulo ake ndi nthawi zake, choncho amene ali ndi nkhani ndi boma afunse loya msanga.

WOULUTSA: Tikambeko za nkhanza za m'banja, chifukwa kumeneko kudikira kungatayitse moyo.

MPHUNZITSI: Nkhani imeneyi ndimaitenga ndi mtima wonse. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limalola munthu wochitiridwa nkhanza kupempha khoti lamulo lomuteteza. Pozindikira kuti ngozi ili pafupi, khoti lingapereke chitetezo chogwirizira nthawi yomweyo, mlandu usanamvedwe wonse. Lingaletse wankhanzayo kumenya, kuopseza, kuimba foni kapena kufika pamene wodandaulayo akukhala kapena kugwira ntchito. Mu 2016 anatsegula makhoti ofulumizitsa milandu yotereyi, ku Kabwe ndi kuno ku Lusaka. Nkhanza sizisankha dera. Zili m'nyumba za mipanda italiitali ku Kabulonga monga zilili m'makomboni. Mayi, bambo, mtsikana, ngati moyo wanu uli pa ngozi, pitani ku Victim Support Unit pa polisi imene muli nayo pafupi, mukafunse za lamulo lokutetezani. Pa nkhani ya nkhanza musakakamizidwe kukhala pansi ndi munthu amene mukumuopa. Chitetezo chiyambe, zokambirana zibwere pambuyo ngati n'zotheka.

WOULUTSA: Nanga belo? Munthu akatuluka pa belo, m'dera anthu amayamba kunong'ona kuti wagula mlandu.

MPHUNZITSI: Kumeneko ndi kusamvetsa komwe tikulimbana nako lero. Malamulo amati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Belo ndi chilolezo choti adikire mlandu ali kunyumba, atalonjeza kuti azibwera kukhoti, kawirikawiri ndi anthu omuimira ngati mboni. Mlandu ukadalipo, ndipo paja akuluakulu anati mlandu suola. Akajomba, belo imathetsedwa, iye n'kugwidwa, omuimira aja n'kulowa m'mavuto. Pali milandu ina, monga kupha munthu, kuukira boma ndi kuba moopseza ndi zida, imene lamulo sililola belo. Ndipo omvera akumbukire kuti bondi ya kupolisi ndi yaulere.

Chimodzimodzi ndi apilo. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Ngati mwagonja pa mlandu wa ngongole kapena wa nyumba ndipo mwachita apilo, muyenera kupemphanso padera lamulo loimitsa kaye chigamulocho. Mukapanda kutero, olanda katundu otumidwa ndi khoti angafike pakhomo apilo yanu ili m'kaundula.

WOULUTSA: Tsono munthu walandira chiletso chimene akuona kuti n'cholakwika, mwina mnzake ananama m'chikalata. Achite chiyani?

MPHUNZITSI: Choyamba, achimvere. Lamulo la khoti limagwira ntchito kufikira khoti lomwelo kapena lapamwamba litalichotsa. Kuliphwanya ndi kunyoza khoti, ndipo chilango chake chingakhale faindi kapena ndende, ngakhale munthuyo atakhala kuti pa nkhani yaikulu ndiye wolungama. N'zomvetsa chisoni kuona munthu amene akanapambana akulowa m'ndende chifukwa cha mtima wapachala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, ayankhe ndi chikalata chake cholumbirira, aikemo umboni wake, afike pa tsiku loikidwa, apemphe kuti chiletso chichotsedwe kapena chisinthidwe. Akakanizidwa, njira ya ku Court of Appeal, khoti limene linakhazikitsidwa mu 2016, ilipo.

Chachitatu, afune thandizo. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Board. Amayi ndi ana angathenso kupita ku National Legal Aid Clinic for Women kuno ku Lusaka. M'makhoti a Local Court, monga ya ku Chelstone kapena ya ku Boma, kumene kumapita milandu yambiri ya maukwati a mwambo, munthu amadzilankhulira yekha popanda loya, choncho ndi bwino kufunsa kalaliki wa khoti kuti akufotokozereni zimene zalamulidwa musanachoke.

WOULUTSA: Nanga amene wapeza chiletsocho, udindo wake ndi wotani?

MPHUNZITSI: Asagone. Aonetsetse kuti pepala laperekedwa kwa mnzakeyo m'njira yovomerezeka, chifukwa munthu sangaimbidwe mlandu wophwanya lamulo limene sanalidziwe. Apitirize mlandu waukulu mwachangu. Pali anthu amene akangopeza chiletso amakhala phee, n'kumasangalala kuti mnzawo wamangika manja, chaka n'chaka. Kumeneko ndi kuzunza munthu pogwiritsa ntchito khoti, ndipo woweruza angachotse chiletsocho. Akumbukirenso lonjezo lija: akadzagonja, angalipire zonse zimene mnzake wataya pa nthawi yodikirayo, monga lendi imene sinalowe kapena malonda amene anaima.

WOULUTSA: Munatiuza kuti tisunge mfundo ya kukambirana. Ikulowa pati?

MPHUNZITSI: Ikulowa pompano. Chiletso chikaperekedwa, moto umazilala pang'ono: nyumba siigulitsidwa, khoma silimangidwa, palibe wothamangitsidwa. Nthawi imeneyo ndiyo yabwino kukhala pansi. Makhoti athu ali ndi dongosolo loti woweruza atumize mlandu kwa mkhalapakati wophunzitsidwa ntchitoyo. Zimene mwalankhula kumeneko ndi zachinsinsi, ndipo mukagwirizana n'kusainirana, mgwirizanowo umalembedwa kukhoti n'kukhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Mukalephera kumvana, mlandu umabwerera kwa woweruza, simunataye kanthu.

Mayi wa ku Kabwata uja ndi mlamu wake adzakumanabe pa maliro ndi pa maukwati, pakuti ana aja ndi magazi a onse awiri. Anansi okanganirana malire ku Woodlands adzagawanabe khoma limodzi, chigamulo chitabwera. Woweruza angathe kunena mwini nyumba, koma sangalamule anthu kuti azipatsana moni. Zimenezo zimatheka ndi anthu amene anavomera kulankhulana.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, aphunzitsi. Mawu anu omaliza kwa omvera.

MPHUNZITSI: Abale anga, pepala la khoti likafika m'manja mwanu, funsani mafunso atatu. Kodi ichi ndi chigamulo chomaliza kapena chapakati? Chikundiletsa kapena kundilamula chiyani kwenikweni? Ndibwerere liti kukhoti? Mukapeza mayankho, mverani lamulolo, sungani tsikulo, funani uphungu kwa anthu ovomerezeka, ndipo pamene palibe chiopsezo pa moyo wanu, musatseke khomo lokambirana ndi amene mukutsutsana naye.

WOULUTSA: Omvera, zimene mwamva lero ndi maphunziro a onse. Nkhani yanuyanu ili ndi mbali zake, choncho kaonaneni ndi loya kapena a Legal Aid Board msanga, tsiku la khoti lisanafike. Uzaniko mnansi wanu, makamaka amayi amasiye ndi okalamba amene sangathe kuwerenga mapepala a Chingerezi, ndipo ngati mungathe, aperekezeni kukhoti.

(NYIMBO YOTSEKERA)